Chitini cha makobiri akale chisadzasanduke mkangano pamaliro

Maganizo anga lero akupita kwa inu akuluakulu amene muli ndi chitini cha ndalama zachitsulo zakale pansi pa bedi, zija munayamba kutolera nthawi ya Chitaganya, kapena zimene anakusiyirani bambo anu atabwera ku Joni. Ndalama zimenezo mukuzidziwa ndinu nokha. Ana anu kuno ku Lilongwe anakula ndi kwacha, tiki (ya makobiri atatu) sayidziwa, hafukoroni (ya masheleni awiri ndi theka) sanayigwirepo. Tsiku limene mudzatisiye, chitinicho chidzatsegulidwa ndi anthu otopa ndi maliro. Ena adzapatsa adzukulu kuti azisewera nazo, ena adzakangana poganiza kuti muli mamiliyoni. Zonse ziwirizi zimachitika chifukwa mwiniwake sanasiye pepala lililonse.

Yambani ndi kaundula. Gulani kope la chikuto cholimba, ndalama iliyonse muyipatse nambala ndi mzere wakewake: dziko, chaka, mtengo wolembedwapo, chimene chajambulidwa mbali zonse ziwiri, kulemera kwake, ngati ili yokutha kapena yowoneka bwino, ndi kumene munayipeza. Gawo lomalizali ndi limene wina aliyense sangalembe inu kulibe. Kenaka jambulani ndi foni mbali zonse, masana pafupi ndi zenera, popanda fulashi, kapepala ka nambala kali pambali. Zithunzizo mutumizire ana awiri osachepera, chifukwa foni imatayika ndipo imafa.

Posankhula, ikani m'magulu. Za Chitaganya cha Rhodesia and Nyasaland pazokha, monga kobiri lija la chiboo pakati lokhala ndi njovu. Za Malawi za 1964 pazokha, zonse zili ndi nkhope ya Kamuzu: sikisipensi ya chithunzi cha tambala, sheleni ya chimanga, ya masheleni awiri ya njovu, ndi hafukoroni ya chizindikiro cha dziko. Kwacha inabwera mu 1971, paundi imodzi kusanduka K2 ndipo sheleni kukhala 10 tambala, n'chifukwa chake chimanga chinatsalabe pa 10 tambala, njovu pa 20 tambala. Mwana akawerenga zimenezi m'kope mwanu amaona kuti wagwira mbiri ya dziko lake. Za 50 tambala ndi K1 zinayamba mu 1986, za nkhope ya Bakili Muluzi zinabwera m'ma 1990, ndipo nazo zikhale ndi malo ake. Zakunja zonse gulu lina.

Tsopano nkhani ya mtengo, imene ndi phata la mikangano. Auzeni ana anu zoona mudakali moyo: zambiri mwa ndalamazi si zodula. Makobiri a chiboo anapangidwa mamiliyoni, ndipo mphekesera zoti kuli azungu ogula kobiri limodzi ndi ndalama zankhaninkhani ndi msampha wa akathyali, amene amayamba kukuuzani kuti mulipire kaye ndalama ya kuyeza kapena ya thiransipoti. Za Malawi za 1964 ngakhale zimawala mulibe siliva. Siliva yang'anani m'zakunja, ndipo chaka ndicho chimakuuzani. Za ku Britain, kuyambira tiki yoyera mpaka hafukoroni, zopangidwa chisanafike chaka cha 1920 zili ndi siliva magawo 925 pa 1,000 aliwonse. Kuyambira 1920 mpaka 1946 ndi theka lokha, ndipo kuyambira 1947 mulibiretu. Za ku South Africa zimene ankabwera nazo a Wenela, aja ankapita kukagwira ntchito ku migodi ya ku Joni, zili ndi magawo 800 kuchokera 1923 mpaka 1950, kenaka magawo 500 mpaka 1964. Hafukoroni ya ku Britain imalemera magalamu 14.14, ndiye ya 1915 ili ndi siliva pafupifupi magalamu 13, pamene ya 1950 yofanana nayo kukula ilibe ngakhale pang'ono. Mwana wosadziwa adzaziona ngati chinthu chimodzi, wogula wochenjera n'kudzatenga zonse pa mtengo wa yotsikayo. Pezani kasikelo kowerenga mpaka galamu 0.01 ndi kamaginito. Siliva sakakamira ku maginito, koma kusakakamira pakokha si umboni, muphatikize ndi chaka ndi kulemera. Zimene zili ndi siliva muzilembe ndi cholembera chofiira m'kope.

Chonde, musazitsuke. Ili ndilo vuto limene limawononga ndalama zambiri, ndipo amachita ndi anthu ofuna zabwino. Phulusa, mandimu, viniga, sitiluwulu, mankhwala opukutira mkuwa, zonsezi zimachotsa khungu lapamwamba la chitsulo n'kusiya timizere timene wogula amationa nthawi yomweyo ndi galasi lokulitsa. Kuda kumene kumabwera ndi zaka otolera amakufuna, ndipo ndalama yopukutidwa imatsika mtengo osabwereranso. Pogwira, gwirani m'mbali ndi zala zouma, pansi mutayala nsalu, chifukwa thukuta la chala limasiya chidindo chosachoka makamaka pa za mkuwa.

Kusunga kwake, chitini cha bisiketi chimachita dzimbiri ndipo ndalama zimakhulana m'katimo. Iliyonse ikhale m'kaenvulopu kake kapepala koyera, kapena m'timakatoni tija ta masentimita 5 mbali zonse tokhala ndi kazenera, nambala italembedwa kunja. Mukamanga ndi sitepula, phwatalitsani mawaya ake kuti asakande inzake. Pewani mapulasitiki ofewa a PVC: pakapita zaka amatuluka mafuta obiriwira onanda amene amadya chitsulo. Mphira womangira ndi selotepu nazonso zimadetsa. Dzinja la kuno, kuyambira Novembala mpaka Epulo, chinyezi chimalowa paliponse, ndiye ikani zonse m'bokosi lotseka bwino pamodzi ndi timapaketi ta silica gel tija timabwera m'makatoni a nsapato. Bokosilo lisakhale pasimenti kapena kukhoma lonyowa. Mukaona ufa wobiriwira pa kobiri, lipatuleni msanga.

Kagawidwe ndiko kumafuna kulimba mtima. Ine ndimaona kuti kugawa powerenga, aliyense ndalama makumi awiri, ndi kulakwitsa, pakuti wina atenga siliva yense wina makobiri okhaokha, ndipo gulu la 1964 limene munalisonkhanitsa lathunthu limamwazikana. Afunseni ana anu poyera amene ali ndi chidwi. Ngati ndi mmodzi, mpatseni zonse, enawo muwaganizire ndi katundu wina. Ngati palibe, nenani kuti zigulitsidwe, ndani agulitse, ndipo ndalamayo igawidwe motani. Mukhozanso kupereka zina ndi dzanja lanu panopa, n'kulemba m'kope tsiku ndi dzina.

Mawu apakamwa pamaliro sagwira, atsibweni anena zawo, azakhali zawo. Lembani mu wilo. Lamulo la chuma cha masiye la 2011, la Deceased Estates (Wills, Inheritance and Protection) Act, limafuna kuti wilo ikhale yolembedwa ndi yosainidwa pamaso pa mboni ziwiri, ndipo limaletsa kulanda katundu wa masiye. Mbonizo musankhe anthu amene sadzalandirapo kanthu. Mu wilomo musangoti "ndalama zanga zakale", chifukwa mawuwo wina angawamve ngati ndalama za ku banki. Tchulani kuti ndi ndalama zachitsulo zolembedwa m'kope lakuti, nambala 1 mpaka yakuti. Wilo yeniyeni isungidwe kwa loya kapena malo ena otetezeka, osati m'bokosi limodzi ndi ndalamazo.

Kumene kuli bokosi ndi kiyi adziwe anthu awiri okha odalirika, ndipo musazionetse pa Facebook pamodzi ndi dera limene mumakhala. Amene mwamusankha mukhale naye pakhonde Loweruka lina, kope lili m'manja mwake, azitenga imodziimodzi inu mukufotokoza. Pansi pa chivundikiro cha bokosi matani kapepala ka mizere itatu m'zolemba zanu: musatsuke, musagulitse mwezi wa maliro, ndipo musanavomere mtengo funsani ogula atatu osadziwana.