Munthu wosaka zinthu zakale timamutcha ndani kodi, kuno ku Zambia ndi kwathu ku Malawi

Sabata yatha alamu anga a ku Mchinji anabwera kuno ku Lusaka kudzasaka masipeya a galimoto, ndiye Lamulungu ndinati tiyeni tikazungulire pa msika wa pa Arcades uja mukatsukeko m'maso. Pakati pa ziboliboli ndi zitenje tinapeza bambo wina wayala kansalu pansi, pakansalupo mawotchi osayenda, nyali ya Tilley yopanda galasi, ndi mbale ya makobidi akale. Alamu anatola peni ya chibowo ija, ya Rhodesia and Nyasaland, njovu ziwiri zitaimirira uku ndi uku kwa bowolo, chaka 1957 chikuonekabe bwinobwino. Anaseka mpaka kugwira m'mimba, akuti izi agogo ankamangira ana m'chiuno ndi kachingwe, zina tinkakhomera malata. Atamva mtengo, K150 ya Zambia kobidi limodzi, kuseka kunathera pompo. Tikutuluka anandifunsa, "Alamu, nanga ntchito ya bambowa ndiye imatchedwa chani?"

Ine kakasi. Zaka zonse ndakhala kunozi funso limeneli linali lisanandipeze.

Chimene ndaona nchakuti mayiko onse otizungulirawa tili ndi dzina la mulu koma la munthu wofufuza pamulupo tilibe. Kwathu ndi kaunjika, kuchokera ku kuunjika, basi katundu waunjikidwa. Ku Tanzania ndi mitumba, ku Zimbabwe mabhero, onsewo akunena mabelo omwewo, ndipo msika wawo wa ku Mbare mu Harare anautcha Mupedzanhamo, womaliza mavuto, dzina limene ine limandisangalatsa kobasi. Ku Mozambique zovala zomwezo amati calamidade chifukwa zinkabwera ngati thandizo pa nthawi ya mavuto. Kuno ndi salaula, mawu a Chibemba, kusankha movundukula pamulu. Ndiye taonani, salaula yekha ndi amene akunena zimene akuchita munthu wosakayo, ena tonsefe tikungoloza mulu. Apa a Zambia atiposa, tivomereze. Koma yesani kuwatchula bambo a makobidi aja kuti a salaula muone mmene angakuyang'anireni, iwowo amadzitcha dila, mwinanso kolekita akafuna kuti muwalemekeze.

Kuno kusaka zakale kumene ndakuona ndi maso nkwa mbale za nyimbo. M'zaka za m'ma 1970 boma la Kenneth Kaunda linalamula kuti wailesi iziimba kwambiri nyimbo za m'dziko momwemo, magulu ngati WITCH, Amanaz ndi Ngozi Family anaphuka, kampani ya Teal ikudinda mbale ku Ndola. Mkuwa utagwa mtengo, makaseti nkubwera, mbale zija zinaponyedwa pansi pa bedi, zina ana nkumaseweretsa ngati chiwongolero. Patapita zaka azungu a ku America ndi ku Ulaya anayamba kuzifuna nyimbo zimenezi, zotchedwa Zamrock, ngati mankhwala, ndiye kunabadwa kagulu ka anyamata oyenda khomo ndi khomo ku Matero, Chilenje, Libala mpaka ku Kitwe kufunsa ngati pali mbale za adala. Eni nyumba amene ndinkachita lendi ku Chilenje anagulitsa katoni yathunthu kwa mnyamata wotere, ndalama yake inangokwana thumba la ufa ndi makala, iwo nkumasangalala kuti achotsa zinyalala za malemu amuna awo. Mwana wawo atabwera nkuwaonetsa pa foni mitengo ya pa Discogs, msika wa mbale za nyimbo wa pa intaneti, mayi aja sanadye tsiku limenelo. Ndinali pompo, ndinaona nsima ikuzizira pa tebulo.

Anyamata amenewa anthu kuno amangoti aja ogula mbale, kapena a tamanga, dzina la aliyense wothamangathamanga ndi kabizinesi kalikonse kamene kapezeka. Dzinali lili ndi kachipongwe pang'ono komabe limavomereza kuti munthuyo akusaka ndalama basi, palibe zamatsenga.

Kwathu nkhani ndi ina, ndipo apa mpamene ine ndimaseka ndi kukwiya nthawi imodzi. Munthu wachilendo akafika pamudzi nkufunsa simbi ya makala ya tambala pamwamba ija, kapena mashini a Singer, kapena mphika wachitsulo wa miyendo itatu, palibe angamutche wamalonda ayi. Ameneyo ndi wokhwima. Azakhali anga ku Mchinji konko ali nayo simbi yotere, inasiya kusita kalekale, chogwirira chinapsa mbali imodzi. Anabwera anyamata awiri atavala bwino, kupereka ndalama yoti mbuzi ungagule, azakhali anangoti dikirani ndifunse eni ake, nkuzungulira kuseri kukaitana anyakwawa. Anyamata aja ataona anthu akusonkhana analiyatsa liwiro. Mpaka lero simbiyo imagona m'chikwatu pansi pa zitenje zamaliro, ndipo azakhali amati "Mwanawe, munthu wanzeru zake angagule simbi yakufa? Akufuna mzimu wa amako ameneyo." Ukawauza kuti kunja kuli anthu amaika zimenezi pa shelefu nkumangoziyang'ana amakuona ngati nawe walowa gulu lomwelo.

Koma azakhali sindingawanene kwambiri chifukwa ambiri oyenda m'midzi kusaka masimbi si okonda zakale, ndi anthu a mphekesera ija yoti muli mekyule yofiira m'zitsulo za atsamunda yogula mamiliyoni. Bodza lenileni, chinthucho kulibe, koma anthu aswa mashini osokera abwinobwino kufunafuna. Ku Tanzania matenda omwewa amagwira pa rupia ya Mjeremani, ndalama ya siliva ya nkhope ya Wilhelm II, anthu amakhulupirira kuti imaitana chuma mpaka kukumba m'mabwinja a nyumba zakale. Ndiye dzina la wosaka zakale likaipa kwathu pali pamene linaipira.

Enanso amene tili nawo ndi a ziboliboli, pa positi ofesi ku Lilongwe paja kapena kuno ku Kabwata Cultural Village. Awa ndi amisiri, sasaka, koma ena mwa iwo amadziwa kukalambitsa chinthu, kuchipaka polishi, kuchifukiza pa utsi, kuchikwirira milungu iwiri, basi chigoba cha dzana chasanduka cha makolo. Ine zimenezo sizindipweteka, bola mzungu atenge chabodzacho kusiyana nkuti za kudambwe zenizeni zizikapachikidwa pa khoma ku London. Gule Wamkulu UNESCO inamuzindikira mu 2005 ngati chuma cha Malawi, Zambia ndi Mozambique pamodzi, wofuna kuona zenizeni apite ku nyumba yosungira zakale ya Chamare ku Mua kapena ku Kulamba ku Mkaika mu Ogasiti.

Ku Zimbabwe ndiye anatiphunzitsa kuti chakale sichidikira zaka 100. Pepala lija la 100 trillion lotuluka mu 2009, limene buledi linkalephera kugula, lero anyamata a ku Victoria Falls amaligulitsa kwa alendo ndi madola enieni. Kuno titachotsa maziro atatu pa kwacha mu 2013 ambiri tinangothamangira kubanki kukasintha, ine sindinasunge olo pepala limodzi la K50,000, ndimadandaula. Ku South Africa ndiye ntchitoyi ili ndi mashopu ake, misika yake, ndi maokishoni, munthu amanena poyera kuti ine ndine dila wa zakale popanda womuseka, ngakhale nakonso aliyense wosunga R5 ya Mandela ya 2008 m'kabati amaganiza kuti agulira nyumba.

Malamulo alipo mbali zonse. Kuno lamulo la 1989 la National Heritage Conservation Commission limateteza zinthu za chaka cha 1924 chisanafike, sungangonyamula mtanda wamkuwa ngati ija anaifukula ku Ingombe Ilede mu 1960 nkuwoloka nawo pa Mwami. Koma mbale ya 1975 si ya 1924, ndiye imatuluka pa eyapoti mu sutikesi ngati malaya. Apa mpamene ndimasowa woti ndimuchemerere. A Zambia anatsegula chitseko, msika ulipo, munthu amadya nazo, koma nyimbo zawo zabwino zili m'nyumba za ku Los Angeles ndi Tokyo. Ife a Malawi tinatseka chifukwa cha mantha, zinthu zikadali m'midzi, koma zikudyedwa ndi chiswe ndi dzimbiri, ndipo mwini wake akamwalira adzukulu amagulitsa kwa ogula zitsulo pa sikelo, simbi ya 1940 mtengo umodzi ndi sipulingi ya minibasi. Mukandikakamiza ndisankhe ndingatenge za kuno, chifukwa chinthu chokhala ndi mtengo olo chipite kutali sichisungunulidwa.

Pobwerera mu basi alamu anayesa okha kupeka dzina. Mtolazakale, ndinati zikumveka ngati wamisala wa pa dzala. Msakazakale, iwo eni anakana akuti anthu amva kusakaza. Tinagwirizana pa mlenje wa zakale, poti mlenje amayenda mtunda, amadziwa mapazi, ndipo masiku ena amabwera chimanjamanja. Sindikudziwa ngati lingagwire, inu a ku Chipata ndi a ku Tete mwina muli nalo lanu mutiuze.

Peni ija sanagule. Koma usiku ndinawamva pakhonde akuimba foni kumudzi, akufunsa mlongo wawo ngati kachitini ka Cowbell ka agogo kaja kakadali pamwamba pa kabati, ndipo akuti asauze munthu.