Lekani kulota chimene chikumuwenga mwana

Ndiyamba ndi ife akuluakulu, apongozi, azakhali ndi agogo anzanga, chifukwa mlandu waukulu uli pa ife. Khanda la miyezi iwiri likatuluka tiziphuphu m'masaya, kapena likachezera kulira, sitichedwa kugamula kuti mayi wake wadya chomuwenga. Lero timuletsa mazira, mawa nsomba, mkuja nyemba ndi nsinjiro, mpaka munthu woyamwitsa atsala ndi nsima ya mpiru wowiritsa wopanda ndi dontho la mafuta lomwe. Zikapanda kusintha timati mkaka wake ndi woipa, amuchotse kubere. Udokotala umenewu anatipatsa ndani? Tikufooketsa amayi, tikuwondetsa ana, uku tikudzitcha kuti tikuthandiza.

Ziwengo za chakudya zilipodi, sindikukana. Chitetezo cha m'thupi mwa mwana wina chimalakwitsa, n'kuyamba kumenyana ndi mapuloteni a m'chakudya chabwinobwino ngati kuti ndi matenda. Kwa ana aang'ono zimene zimavuta kawirikawiri ndi mkaka wa ng'ombe, mazira, mtedza, soya, tirigu ndi nsomba. N'zoonanso kuti mayi akadya zimenezi, kachigawo kochepetsetsa ka mapuloteniwo kamatha kufika mumkaka wa m'mawere. Koma kamakhala kochepa zedi, moti ana ambiri, ngakhale amene amawengedwa ndi dzira akalidya okha, amayamwa bwinobwino mayi wawo atadya dzira lomwelo. Amene amavutika kudzera kubere ndi owerengeka, ndipo mwa iwowo ambiri chimawavuta ndi mkaka wa ng'ombe.

Ziwengozi zimabwera pawiri. Zina ndi zachangu: pakangopita mphindi zochepa, kapena maola osapitirira awiri, khungu latuluka zotupa zoyabwa, milomo ndi zikope zatupa, mwana wasanza. Zina ndi zozengereza, zimaoneka patapita maola ambiri kapena masiku: timizere ta magazi ndi zonanda m'thewera, chikanga chouma chosamva mafuta, kusanza pafupipafupi, sikelo yosakwera. Mitundu iwiriyi sasamalira mofanana, ndiye amene sadziwa kusiyanitsa asamagamule.

Tsono taonani kuchuluka kwa zinthu zimene timazinamizira chakudya. Tiziphuphu ta kumaso m'masabata oyambirira timatha tokha. Kutentha kwa mu October kumatulutsa tiziphuphu m'khosi mwa mwana amene tamukuta mabulangete atatu ndi chipewa chaubweya. Mphere zimayabwa usiku ndipo zimagwira nyumba yonse. Kulira kwamadzulo kumakula mwana akamayandikira masabata asanu ndi limodzi, n'kumachepa pofika miyezi itatu kapena inayi. Kubweza mkaka pang'ono akangoyamwa, komanso chimbudzi chofewa chachikasu kangapo patsiku, ndi mmene khanda loyamwa limakhalira. Magazi m'thewera akhoza kukhala kamwazi, matenda ofuna mankhwala msanga. Ndipo inu amayi amene mwana wanu akumwa nevirapine kapena Bactrim pomuteteza ku HIV ndi matenda ena, dziwani kuti mankhwalawa nawo amatha kutulutsa ziwengo. Mukaona zotupa pakhungu, makamaka pamodzi ndi zilonda m'kamwa, maso ofiira kapena kutentha thupi, thamangirani kuchipatala tsiku lomwelo, musataye sabata mukusala mazira.

Chimene chimandiwawa kwambiri ndi kuchotsa mwana kubere. Bungwe la WHO, UNICEF ndi Unduna wa Zaumoyo amanena chimodzi: kuyamwitsa mwakathithi miyezi isanu ndi umodzi, kenako kupitiriza pamodzi ndi zakudya zina mpaka zaka ziwiri kapena kupitirira. Mwana wa ziwengo sanachotsedwe pa lamulo limeneli. Kafukufuku wa boma wa 2015 mpaka 2016 anapeza kuti ana 37 mwa 100 aliwonse osakwana zaka zisanu m'Malawi muno anali opinimbira, ndipo makanda oyamwitsidwa mwakathithi anali 61 okha mwa 100. Dziko lili pamenepo, ife n'kumawonjezera dala ana ena pagulu la onyentchera chifukwa cha tiziphuphu?

Ndipo mukamuchotsa mumupatsa chiyani? Mkaka wa m'chitini wa m'sitolo umapangidwa kuchokera ku mkaka wa ng'ombe womwewo. Ngati mwana amavutika ndi kadontho kodzera mwa mayi wake, botolo lathunthu limutani? Ena amathamangira mkaka wa mbuzi, akuti ndi wofewa. Mapuloteni a mbuzi ndi a ng'ombe ndi ofanana kwambiri, ndipo ana ambiri owengedwa ndi wina amawengedwanso ndi winayo. Wa soya salangiza kupatsa khanda losakwana miyezi isanu ndi umodzi, komanso ana ena umawawenga. Ufa wooneka ngati mkaka wothira mu tiyi uja si mkaka wa mwana m'pang'ono pomwe. Ndi mafuta ndi shuga, mwana amatupa nawo osakula. Ulipo mkaka wapadera umene mapuloteni ake anawaphwanya kale, koma ndi wosowa, wokwera mtengo, ndipo amalemba ndi dokotala. Onjezani nkhani ya madzi. Kolera ya 2022 mpaka 2023 inatenga anthu oposa 1,700 m'dziko muno. Botolo lotsukidwa ndi madzi a pachitsime chosatetezedwa ndi njira ya matenda otsekula m'mimba, amene amapha makanda msanga kuposa chikanga chilichonse. Kwa mayi amene ali pa ma ARV, kusakaniza bere ndi zinthu zina mwana asanakwane miyezi isanu ndi umodzi ndi chinthu chimene achipatala amaletsa kale. Bere limuteteza mwanayo, lisiyeni pomwepo.

Njira yake ilipo, ndipo si yovuta, koma imafuna kudekha. Nyamulani mwana ndi kabuku kake mupite kusikelo, mukafotokoze zonse: zinayamba liti, zimaoneka bwanji, sikelo ikuyenda motani. Ngati muli ndi foni jambulani khungulo kapena thewera lija, chifukwa zotupa zimatha kuzimirira muli panjira. Achipatala akaona kuti n'kutheka ndi chakudya, adzakuuzani kuti musiye chimodzi, osati zisanu, kwa masabata awiri mpaka anayi. Nthawi zambiri amayamba ndi mkaka wa ng'ombe. Lembani m'kope zimene mwadya ndi zimene mwaona pa mwana tsiku ndi tsiku. Zikapanda kusintha, chakudyacho n'chosalakwa, bwererani mukadye. Zikasintha, amakuuzani kuti muyambirenso kudya kuti aone ngati zibwerere, pakuti ana ambiri amachira okha nthawi yomweyo mayi akusala, ndiye popanda kuyesa kumeneku mungasale chaka chathunthu pachabe. Kuyesaku n'kwa ziwengo zozengereza zokha. Mwana amene anatupapo milomo kapena kubanika sayesedwa kunyumba. Kumidzi kumene chipatala chili kutali, yambani ndi mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lanu kapena imbani ku Chipatala Cha Pa Foni, ndipo zikavuta pemphani kalata yokutumizani kuchipatala chachikulu. Safunsa anadya phula.

Mukauzidwa kusiya mkaka, siyani zenizeni. Ndimaona amayi akukana kapu ya mkaka koma akumwa chambiko ndi yogati, akudya masikono, makeke ndi mabisiketi, akupaka majarini wina amene muli mkaka, kenako n'kumati njirayi sinagwire. Werengani pa paketi. Mukaona mawu akuti milk, whey kapena casein, muli mkaka mmenemo. Zolembedwa lactose free zisakupusitseni, anachotsamo shuga wa mumkaka koma mapuloteni owengawo ali momwemo.

Ndipo chimene chachotsedwa chilowedwe m'malo. Mayi woyamwitsa amafunika kashiamu, mchere wolimbitsa mafupa, pafupifupi mamiligalamu 1,000 patsiku. Kwathu kuno tili ndi mwayi: usipa, matemba ndi bonya timadya ndi minga yomwe, ndipo kashiamu ali m'mingamo. Bonongwe, nkhwani, chisoso, nyemba, nandolo, zipatso za nyengo yake, zonsezi zisasowe. Magulu asanu ndi limodzi a zakudya amene amatiphunzitsa kusikelo aja sanathe chifukwa mwana ali ndi ziwengo. Apa ndikunena inu abambo. Mkazi wanu akuyamwitsa usiku ndi usana, wasiya china chifukwa cha mwana wanu, inu mukubwera chimanjamanja madzulo mutadya kanyenya kumsika. Gulani usipa. Mperekezeni kusikelo mukamve nokha zimene anamwino akunena, kuti mayi anu akabwera ndi malamulo awo mukhale inu woyankha, osati kusiya mkazi wanu akangane ndi apongozi ake.

Tsopano nditembenukire kwa ena, amene kusasamala kwawo n'koopsa kuposa konse. Awa ndi aja amati ziwengo ndi matenda a azungu, kale kunalibe, mwana alawe pang'ono azolowere. Mayi wanena momveka kuti mwanayu dokotala analetsa mazira, inu mwamulandira kutchalitchi kapena paukwati, mwatembenuka, mwamuika kachidutswa ka keke m'kamwa. Mukuti mukumukonda. Mukufuna kutsimikiza kuti mpongozi wanu ndi wamatama. Mukuyesa ndi moyo wa mwana.

Kale zinalipo. Ana ankatupa, ankabanika, ankamwalira, ife n'kumati tsempho kapena kuloza anthu zala. Ziwengo zachangu zikakula zimatseka njira ya mpweya ndi kugwetsa kuthamanga kwa magazi m'mphindi zochepa. Zizindikiro zake muzisunge pamtima: lilime kapena khosi kutupa, mawu kusasa mwadzidzidzi, kupuma movutikira kapena molira ngati mluzu, kutsokomola kosalekeza, kusanza mobwerezabwereza, mwana kulobodoka, kutuwa, kapena kugona tulo tosadzutsika atangodya. Mukaona chimodzi mwa izi palibe zoitana abale kuti mukambirane. Mankhwala ake ndi jakisoni wa adrenaline wobaya pantchafu, ndipo ali kuchipatala. Piriton amangochepetsa kuyabwa, satsegula khosi, ndiponso sapatsidwa kwa khanda losakwana chaka popanda dokotala. Musamumwetse mafuta ophikira, mkaka, makala kapena mankhwala azitsamba, musamusanzitse ndi chala. Mwana wobanika akhoza kutsamwa nazo. Kwerani chilichonse chimene chilipo, kabaza kaya galimoto ya mnansi, mupite ku chipatala chapafupi, ndipo pofika nenani msanga chimene wadya ndi nthawi yake. Akamubaya n'kutsitsimuka musathawe naye, chifukwa zimatha kubwereranso patapita maola.

Mantha nawo asatipitirire. Pali amayi ophunzira bwino, a m'tauni ndi ena ali ku Johannesburg ndi ku Britain, amene awerenga zambiri pa intaneti mpaka akumana mwana dzira ndi nsinjiro kufikira zaka ziwiri, akuti akumuteteza. Malangizo amenewo anasinthidwa. Mu 2015 kafukufuku wotchedwa LEAP, amene anatsogolera Gideon Lack ku London, anatulutsa zotsatira za makanda 640 amene anali kale ndi chikanga chachikulu kapena ziwengo za mazira. Theka ankapatsidwa zakudya za mtedza kuyambira ali makanda, theka ankamanidwa. Pofika zaka zisanu, mwa omanidwa aja pafupifupi 17 mwa 100 anali ndi ziwengo za mtedza, pamene mwa odya aja anali atatu okha mwa 100. Phala lothira nsinjiro limene amayi athu ankaphikira ana linali nzeru. Mwana akakwana miyezi isanu ndi umodzi muyambitseni, chakudya chatsopano chimodzi pa nthawi, pang'ono, m'mawa kuti mumuone tsiku lonse, dzira likhale lopsa bwino, ndipo akachilandira muzimupatsa kawirikawiri, uku akuyamwabe. Kusala mtedza kapena mazira muli oyembekezera kapena mukuyamwitsa sikuteteza mwana ku ziwengo. Koma amene ali ndi chikanga chachikulu, kapena anawengedwapo kale ndi china, ayambe waonedwa ndi dokotala.

Pa mtedza pomwepa, sankhani. Wofota, wakuda, wogwidwa chuku tayani, musasinjire mwana poti ngotsika mtengo. Chuku chili ndi poizoni wowononga chiwindi, ndipo mayi akadya amafika ndi mumkaka momwe. Mtedza wathunthu wokazinga musapatse mwana wosakwana zaka zisanu, amatsamwa nawo.

Mwana akatsimikizidwa kuti china chimamuwenga, pemphani achipatala alembe m'kabuku kake, pa tsamba loonekera. Izi n'zofunika chifukwa chiponde chimene amapatsa ana onyentchera chili ndi mtedza ndi mkaka waufa, ndipo Likuni Phala ali ndi soya; wopereka sangalote ngati simunena. Uzani mlezi, azikulu ake a mwanayo amene amamubereka masana, aphunzitsi a kumkombaphala, ndi agogo a mbali zonse ziwiri. Sipuni ndi mbale yake zitsukidwe ndi sopo, ndipo amene wadya mtedza asambe m'manja asanamunyamule. Muzibwerera naye kuchipatala monga akuuzirani, pakuti ana ambiri ziwengo za mkaka ndi mazira zimawathera akamakula, ena chaka chisanathe, ena pofika zaka zitatu mpaka zisanu. Za mtedza ndi nsomba nthawi zambiri zimakhalitsa, ndiye tsiku loyesanso asankhe ndi dokotala, ndipo kwa mwana amene anabanikapo ayesere kuchipatala komweko.