Tisaiwale kuti mendulo zathu za Commonwealth zinabwera ndi nkhonya

Nthawi zonse tikamakamba za masewero amene anakwezapo dzina la Malawi kunja, timathamangira ku mpira wamiyendo ndi wa ntchemberembaye, ndipo zimandipweteka mtima kuti omenya nkhonya sitiwatchula n'komwe. Komatu kufikira masewero a Commonwealth a ku Birmingham mu 2022, dziko lathu linali ndi mendulo zitatu zokha za mpikisanowu, zonse za bronze, ndipo zonsezo zinachokera ku nkhonya za osalipidwa. Ziwiri mwa izo zinachokera m'gulu la lightweight, la anyamata amene panthawiyo sikelo yawo sinkapitirira makilogalamu 60.

Woyamba anali Tatu Chionga, amene anapeza mendulo yake mu 1970 mumzinda wa Edinburgh ku Scotland, dziko lathu litangotha zaka 6 lili pa ufulu wodzilamulira. Patapita zaka 16, mumzinda womwewo, Lyton Mphande anapambananso bronze m'gulu lomwelo, pomwe Solomon Kondowe anatenga yake m'gulu lotsatira la light welterweight. Alipo amene amanena kuti mendulo za 1986 n'zopepuka chifukwa mayiko 32 ananyanyala masewerowo pokwiya ndi boma la Britain lotsogozedwa ndi Margaret Thatcher, lomwe linkakana kukhaulitsa boma la tsankho la ku South Africa pa zachuma. Mfundo imeneyo sindiikana, pakuti mayiko odziwika pa nkhonya monga Nigeria ndi Kenya kunalibe. Koma nanga ya Chionga, imene anaipeza chaka chimene golide wa gululi anapita kwa Abayomi Adeyemi wa ku Nigeria, tiinyoza ndi chiyani?

Ine ndimakhulupirira kuti gulu la lightweight ndi limene limaonetsa bwino luso lenileni la nkhonya. Munthu wa sikelo imeneyi kawirikawiri sadalira chibakera chimodzi chogwetsa mnzake, koma amapambana ndi liwiro la manja, kusuntha kwa miyendo ndi nzeru zozemba, ndipo zonsezi ayenera kuzionetsa kwa oweruza m'ndime zitatu zokha za mphindi zitatu iliyonse. Akagona m'ndime yoyamba, nthawi yokonza zolakwa imakhala itamuthera kale. Pamafunikanso kudziletsa kwakukulu pa kadyedwe, chifukwa wopitirira sikelo tsiku loyeza amachotsedwa asanavale n'komwe magolovesi. Si zodabwitsa kuti akatswiri ngati Oscar De La Hoya mu 1992 ndi Vasyl Lomachenko mu 2012 anapambana golide wa Olympic m'gulu limeneli asanatchuke pa nkhonya zolipidwa.

Chimene chimandisowetsa mtendere ndi chakuti anyamata ndi atsikana a thupi lotere ali ponseponse, ku Ndirande, ku Kawale ngakhale ku Chibavi, ndipo masewerowa safuna bwalo lalikulu la udzu wothirira. Amafuna mphunzitsi wodziwa ntchito, magolovesi, thumba lomenya, chakudya chokwanira, komanso mipikisano yochitika pafupipafupi kuti mwana asakaone mdani wakunja koyamba tsiku la mpikisano waukulu. Ndikupempha akuluakulu oyendetsa masewero kuti pogawa ndalama za chaka azikumbukira nkhonya za osalipidwa, ndiponso kuti mpikisano umodzi wa achinyamata wa dziko lonse upatsidwe dzina la Tatu Chionga.