Kwa anzanga amene mumati "ndinachedwa kale kusiya fodya"

Pali mawu amene ndatopa kuwamva kwa amuna amsinkhu wanga, ndiye lero ndati ndiwayankhe pano poyera kuti aliyense amve. Mawu ake ndi akuti: "Ine ndasuta kuyambira ndili mnyamata, mapapo anapsa kale, ndikasiya pano ndipindulanji?" Ena amawonjezera kuti agogo awo ankasuta chingambwe mpaka anamwalira ali ndi zaka 90, mano onse ali m'kamwa. Enanso amati imfa sithawika, osasuta omwe akutha pangozi za minibasi.

Inenso ndasuta kuposa theka la moyo wanga, ndipo ndinasiya ndili ndi imvi kale. Choncho achimwene musaganize kuti akukulalikirani ndi munthu amene sanagwirepo machesi. Maganizo anga ndi akuti mawu amenewa si anu. Chikulankhula ndi chibaba, changobwereka pakamwa panu. Munthu yemweyo amene amati anachedwa kusiya fodya sanena kuti anachedwa kumwa mankhwala a BP, kapena kuti anachedwa kufolera nyumba poti yakhala ikudontha zaka zambiri.

Tiyambe ndi agogo aja. N'zoona, pamudzi uliwonse pamakhala nkhalamba imodzi imene inasuta mpaka kuyendera ndodo. Timaikumbukira chifukwa inakhalitsa nafe. Nanga anzake amene inkapichira nawo fodya pabwalo ali kuti? Anatsogola kalekale asanaone zidzukulu, akutsokomola usiku wonse, mpweya ukuperewera, ndipo pamaliro pawo tinkanong'onezana kuti awalodza chifukwa cha malire a munda. Palibe anatchula fodya. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limanena kuti fodya amapha mpaka theka la anthu amene amasuta osasiya, ndipo padziko lonse amatenga miyoyo yoposa 7 miliyoni chaka chilichonse. Agogo anuwo anagwera mbali yamwayi. Inu anakuuzani ndani kuti muli mbali yomweyo?

Funso loti "ndipindulanji" linayankhidwa kale, ndipo anthu anadikira zaka 50 kuti aliyankhe bwinobwino. Mu 1951 akatswiri awiri a ku Britain, Richard Doll ndi Austin Bradford Hill, analembera madokotala a m'dzikolo kuwafunsa ngati amasuta komanso kuti amasuta wochuluka bwanji. Madokotala aamuna oposa 34,000 anatsatiridwa kuyambira pamenepo, mmodzimmodzi, kuona kuti akumwalira liti ndiponso ndi matenda anji. Zotsatira za zaka 50 zinatuluka mu 2004. Amene anasuta moyo wawo wonse ankamwalira msanga ndi zaka pafupifupi 10 poyerekeza ndi osasuta. Koma mvetserani apa. Amene anasiya ali ndi zaka 30 anapulumutsa pafupifupi zaka 10 zonsezo. Osiya pa 40 anapulumutsa 9, osiya pa 50 anapulumutsa 6, ndipo ngakhale amene anasiya ali ndi zaka 60 anawonjezera zaka 3. Awa anali madokotala, anthu odya bwino, okhala pafupi ndi chipatala, koma fodya sanawaone nkhope. Doll mwiniwakeyo ankasuta, anasiya ataona zimene kafukufuku wake woyamba ankasonyeza, ndipo anamwalira mu 2005 ali ndi zaka 92.

Zaka 6 mwina zikumveka zochepa mukamawerenga pafoni. Kwa bambo wa zaka 50 amene mwana wake womaliza ali Sitandade 8, zaka 6 ndiye kusiyana kwa kumuona akulemba MSCE kapena kumusiyira amalume ake.

Thupi silisunga mangawa. Pakangotha mphindi 20 chisutireni ndudu yomaliza, kugunda kwa mtima kumayamba kutsika. Pakatha maola 12, mpweya woipa uja wa carbon monoxide umakhala utachepa m'magazi kufika pa mlingo wa munthu wosasuta. Pakatha chaka, chiopsezo cha matenda a mtima chimatsika ndi theka, ndipo pakatha zaka 10 chiopsezo cha khansa ya m'mapapo chimakhala pafupifupi theka la cha munthu amene akusutabe. Sindikunamizani kuti zonse zimabwerera. Timatumba ta mpweya m'mapapo tikawonongeka sitimeranso. Koma kuwonongekako kumasiya kuthamanga, ndipo chimene chatsala chimakutumikirani nthawi yaitali. Kwa ine chimene chinabwera msanga ndi mphuno ndi lilime. Ndinadabwa kuti nkhwani wotendera ali ndi fungo, ndipo tiyi wa shuga amene ndinkathira kale anayamba kundilaka kutsekemera.

Chinthu chimodzi chimene chimabweza anthu ambiri, ndipo palibe amawachenjeza, ndi chifuwa. Ukasiya, masabata oyambirira ena amatsokomola kwambiri kuposa kale, makhololo akuda akutuluka. Munthu amangoti, "Mwaona, kusiyaku ndiye kukundidwalitsa," n'kuthamangira kuokala. Chimene chikuchitika n'chakuti tiubweya ting'onoting'ono ta m'njira ya mpweya, timene utsi unatifooketsa, tayambanso kugwira ntchito yake yosesa. Ndi phula la zaka zonse zija likutuluka.

Tsopano za chibaba chenichenicho, chifukwa apa ndi pamene osasuta amalankhula mophweketsa. Amati, "Ungosiya basi, vuto n'chiyani?" Vuto ndi nikotini, kemikolo ya m'fodya imene imabweretsa chibaba. Ukakoka utsi, amafika ku ubongo m'masekondi ochepa chabe, ndipo ubongo umene wakhala ukumulandira kambirimbiri patsiku kwa zaka 20 kapena 30 umasintha n'kuyamba kumuyembekezera. Akachepa m'magazi umakwiya, mutu sugwira, mtima uli m'mwamba. Ukayatsa ndudu, zonse zii. Ndiye timati fodya amachotsa nkhawa. Ayi ndithu. Ndudu ili ngati katapila: imakubwereka mtendere wa ola limodzi, n'kubwera kudzaulanda ndi chiwongoladzanja, iwe n'kukongolanso kuti ubweze ngongole yoyamba. Nkhawa imene imachotsayo ndi imene inaika yokha.

Masiku atatu oyambirira ndiwo owawa, sabata yoyamba yonse si yamasewera. Tulo timasowa, njala imakula, ukhoza kukalipira mwana chifukwa choti watseka chitseko mwamphamvu. Pakatha masabata awiri mpaka anayi thupi limakhala litayamba kukhazikika. Ndipo chibaba chikabwera sichikhala tsiku lonse, chimakwera, n'kutsika pakatha mphindi zochepa, kaya wasuta kaya sunasute. Ine zimenezi zinandithandiza kuposa uphungu wina uliwonse. Ndinkamwa madzi, kutuluka panja, kukukuta chimanga chokazinga kapena nzimbe, mpaka chidutse.

Koma nikotini akatha m'thupi nkhondo siinathe, ndipo kuno kwathu ili ndi mbali imene sitiikamba. Ife sitigula paketi. Timagula imodziimodzi. Paokala iliyonse, pasiteji iliyonse, pakhomo la bala, ngakhale mnyamata wogulitsa maswiti ndi mayunitsi ali ndi ndudu zomasula, machesi ali pomwepo aulere. Munthu wa kudziko kumene amagulitsa paketi yathunthu yokha amayenera kuganiza kawiri asanatulutse ndalama. Ife chenje cha minibasi chikukwana. Ndipo imodziimodziyo imakunamiza pawiri. Imakuuza kuti siwe wosuta weniweni poti sunyamula paketi, komanso imabisa ndalama zimene ukuwotcha. Tengani mtengo wa ndudu imodzi kwanuko, muchulukitse ndi zimene mumasuta patsiku, kenako ndi 365, ndiye mufunse mtengo wa thumba la feteleza. Ine sindikuuzani yankho, werengani nokha. Ndikanakhala ndi mawu ku Nyumba ya Malamulo, kugulitsa ndudu zomasula ndi kumene ndikanayamba kuletsa, chifukwa ndi khomo limene ana asukulu amalowera ndiponso limene osiya amabwererera.

Ndiye pali nthawi zija zimene dzanja limapita lokha m'thumba. Ukangosamba m'manja utatha nsima. M'mawa usanalankhule ndi munthu. Pabawo. Pamowa ndiye osanena, botolo lachiwiri likangotha malonjezo onse amasungunuka, n'chifukwa chake ndimauza aliyense kuti mwezi woyamba mowa aupumitse kaye, ngakhale anzake amuseke kuti walowa mpingo watsopano. Ndipo malo oopsa kuposa onse ndi pamaliro. Usiku wa June, amuna mwazungulira moto panja, amayi akuimba m'nyumba, kukucha mochedwa, ndudu imodzi ikuyenda dzanja ndi dzanja. Kukana pamenepo kumaoneka ngati mwano. Konzeranitu mawu oyankha musanafike. Ine ndimangoti, "Zikomo achimwene, adokotala anandiletsa," ndipo palibe amalimbana ndi adokotala.

Ena amati sasiya koma achepetsa, azisuta ziwiri patsiku. Ngati kuchepetsako ndi njira yopita ku tsiku losiyiratu, ndipo tsikulo mwalitchula, chabwino. Koma ngati ndi pokhazikika, dziwani kuti mtima suwerenga choncho. Kafukufuku amene anatuluka m'magazini ya zachipatala ya BMJ mu 2018 anapeza kuti wosuta ndudu imodzi yokha patsiku amasenza pafupifupi theka la chiopsezo chowonjezera cha matenda a mtima chimene ali nacho wosuta 20. Komanso mwa onse amene ndinkasuta nawo, sindinaonepo amene anakhala pa ziwiri mpaka Khirisimasi.

Pali mtsutso wina umene ndi wathuwathu, ndipo umandikhudza chifukwa inenso fizi yanga inachokera m'chigafa. Amati dziko lino limadya fodya, ndiye Mmalawi wonyoza fodya akutukwana mbale imene akudyera. Bambo anga ankalima bale, ndikudziwa kusoka, kusankha masamba ndi kudinda mabelo, ndikudziwanso kudikira kuti belo lako ligulidwe ku okushoni. Sindinyoza mlimi. Koma tinene zoona, fodya amene amadutsa ku Kanengo, ku Limbe, ku Chinkhoma ndi ku Mzuzu pafupifupi yense amapita kunja. Mlimi wa ku Kasungu mtengo wake umapangidwa ndi ogula akunja, osati ndi ndudu zitatu zimene inu mumagula ku Ndirande. Mukasiya, iye sataya tambala. Amene amataya mukapitiriza ndi akazi anu ndi ana amene akupuma utsiwo m'nyumba ya chipinda chimodzi, poti utsi wa wina umapha anthu osasuta oposa miliyoni imodzi pachaka padziko lonse. Boma lomwe, limene limadalira ndalama za fodya kuposa inu ndi ine, linalowa m'pangano la WHO lochepetsa kusuta mu 2023. Ngati boma latha kusiyanitsa kulima ndi kusuta, ifenso tingathe.

Mawu awiri kwa apabanja. Mayi, bambo akanena kuti akusiya, musawayankhe kuti "tinamva kale zimenezo." N'kutheka munamvadi kasanu. Anthu ambiri amene anasiyiratu anayesa kangapo asanapambane, ndi mmene chizolowezichi chimathera. Akaterereka n'kusuta imodzi paukwati, musaitane abale kudzaweruza mlandu, chifukwa manyazi ndi amene amasandutsa ndudu imodzi kukhala paketi. Afunseni kuti chinachitika n'chiyani, mawa ayambirenso. Ukali wa masabata oyambawo upirireni, si inu mwalakwa. Ndipo akayamba kunenepa pang'ono musadabwe, ambiri amawonjezera makilo angapo chifukwa chakudya chayamba kukoma ndipo pakamwa pakufuna chochita. Kamimba kameneko n'kopepuka kuposa mpweya wa m'botolo kuchipatala.

Musathawire ku fodya wamphuno kapena woika kunsi kwa mlomo poganiza kuti poti alibe utsi ndiye ndi wabwino. Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, koma sananene kuti ndi mankhwala. Nikotini ndi yemweyo, chibaba n'chomwecho, ndipo woika m'kamwayo amabweretsa zilonda ndi khansa ya m'kamwa. Azakhali athu ambiri amene amanyoza amuna osuta ali ndi kabotolo kawo kumpango. Chingambwe nachonso si chabwino chifukwa choti n'chakumunda. Utsi wa fodya uli ndi makemikolo oposa 7,000, ndipo pafupifupi 70 mwa iwo amayambitsa khansa, kaya wakulungidwa kufakitale kaya m'pepala la nyuzi.

Thandizo la mankhwala liliko. Kuli chingamu cha nikotini ndi zomata pakhungu zimene zimachepetsa chibaba pamene mukuzolowera kukhala opanda ndudu, komanso mapiritsi monga varenicline amene amafuna dokotala. Mu 2024 WHO inatulutsa malangizo ake oyamba a momwe achipatala angathandizire akuluakulu kusiya fodya, ndipo mfundo yake ndi yoti mankhwala pamodzi ndi uphungu zimaposa kulimba mtima pawekha. Funsani kufamase kapena kwa adokotala, makamaka ngati muli ndi BP, shuga kapena mukumwa ma ARV. Si ufooke kufunsa. Ine ndinasiya popanda mankhwala, koma sindikuona chifukwa choti wina avutike chimodzimodzi ngati angathe kuwapeza.

Ndipo inu amene mwakhala mukutsokomola n'kumati "n'chifuwa cha fodya ichi," chonde musadzipime nokha. Kusuta kumawonjezera chiopsezo cha TB, ndipo dziko lathu lili m'gulu la mayiko amene khansa ya kummero ndi yochuluka kwambiri padziko lonse. Ngati chifuwa chapitirira masabata awiri, ngati mukutuluka thukuta usiku, mukuwonda, mwaona magazi m'makhololo, kapena nsima yayamba kukakamira pakhosi pomeza, pitani kuchipatala sabata ino, musadikire kuti muyambe mwasiya. Kuyezetsa TB ndi mankhwala ake m'zipatala za boma n'zaulere. Akakufunsani ngati mumasuta, nenani zoona ndi zaka zake zomwe.