Chida chatsopano chiyambe chakwera ngati mlendo

Anzanga okonda nkhani za m'mlengalenga, maganizo anga ndi awa: chida chimene sichinayesedwepo kumwamba kuja chisasenzetsedwe ulendo wonse. Chiyambe chakwera ngati mlendo, kuti chikakanika ena apitirize ntchito.

Taonani kandege ka Ingenuity. Kanapita ku Mars katamangiriridwa kumimba kwa galimoto ya Perseverance, ndipo bungwe la NASA, loona za m'mlengalenga ku America, linanena poyera kuti n'kongoyesera chabe. Kakanagwa tsiku loyamba, Perseverance ikanapitiriza kufufuza miyala yake bwinobwino. Ufulu umenewu ndi umene unalola mainjiniya kuikamo purosesa yofanana ndi ya m'mafoni a m'manja, chinthu chimene sakanayerekeza kuchidalira pa chombo chachikulu. Kanauluka koyamba pa 19 Epulo 2021. Ankayembekezera maulendo asanu okha, koma kanauluka maulendo 72 mpaka phiko lake linawonongeka mu Januwale 2024.

Nkhani imene imandigwira mtima kwambiri ndi ya Deep Space 1, chombo chimene anachitumiza mu 1998 ndi cholinga choyesa zida zatsopano 12. Chimodzi chinali injini yamagetsi yoyendera mpweya wa xenon. Atailiza koyamba inazima mphindi zisanu zisanakwane. Akatswiri anali ndi mpata wofufuza modekha, ndipo patapita masabata awiri inayakanso n'kugwira ntchito nthawi yaitali. Pamene chombo cha Dawn chinkanyamuka mu 2007 kupita ku Vesta ndi Ceres, timaiko ting'onoting'ono ta pakati pa Mars ndi Jupiter, injini ya mtunduwu inali itadziwika kale khalidwe lake. Walira mvula walira matope. Amene akufuna zatsopano avomereze kuti zina zidzakanika, koma asankhiretu malo oti zikanikire.

Pa X-33, chombo choyesera cha NASA choti chizinyamuka ngati roketi n'kutera ngati ndege, anachita mosiyana. Chombo chonse chinkadalira thanki yopepuka ya mtundu watsopano yosungira haidrojeni wozizira kwambiri. Thankiyo inang'ambika poyesedwa mu 1999, ndipo mu 2001 ntchito yonse inathetsedwa chombocho chisanauluke n'kamodzi komwe, NASA itawonongapo madola oposa 900 miliyoni. Zimenezi zimandipweteka, chifukwa anamanga chombo asanatsimikize kuti thankiyo ipirira.

Wina ati, nanga telesikopu ya James Webb? Funsoli ndi loona. Pamenepo chatsopanocho ndicho chinali ulendowo: galasi la zidutswa 18 lopindika, ndi chotchinga dzuwa cha nsalu zisanu zopyapyala choti chikadzitambasule chokha. Panali malo 344 oti pakalakwika pamodzi, zonse zathera pomwepo. Ndipo ili pa mtunda wa makilomita 1.5 miliyoni kuchokera pa dziko lapansi, kumene sikungafike munthu wokakonza monga anachitira ndi telesikopu ya Hubble mu 1993. Chimene chinatsala chinali kuyesa pansi pano mosatopa. Mu 2017 anaitsekera m'chipinda chozizira ku Houston, ku America, masiku pafupifupi 100. Inanyamuka pa 25 Disembala 2021, itachedwa zaka zoposa khumi, mtengo utafika pafupifupi madola 10 biliyoni. Ine kuchedwako sindikudandaula nako. Ndimadandaula ndi amene analonjeza tsiku ndi mtengo wotsika zida zake zisanakhwime, chifukwa malonjezo oterewa ndi amene amakakamiza anthu kudumpha mayeso.

Komanso tisanamizike ndi mawu oti "ichi chinagwirapo kale ntchito". Roketi yoyamba ya Ariane 5, ya ku Ulaya, inaphulika pa 4 Juni 1996, mphindi imodzi isanakwane chinyamukireni. Pulogalamu ya kompyuta imene inalakwitsa anaitenga ku roketi yakale ya Ariane 4, kumene inatumikira zaka zambiri popanda vuto. Roketi yatsopanoyo inkathamanga mosiyana, nambala ina inakula kuposa malo amene anaisungira, ndipo makompyuta onse awiri owongolera njira, wamkulu ndi womuthandiza, anaima pa chifukwa chimodzimodzi. Palibe amene anaiyesa pulogalamuyo ndi njira yeniyeni ya Ariane 5, poti onse ankaiona ngati yakale.