Lekani kuyesa ana a eni ndi nsinjiro

Amayi amene mumaphika pa maliro, pa maukwati ndi pa misonkhano ya mpingo kuno ku Chipata, tcherani khutu. Mwezi watha mdzukulu wanga wa zaka 9 adatsala pang'ono kutisiya chifukwa cha ndiwo zotendera. Amake adanena momveka kukhitchini kuti mwanayu sadya nshawa. Mmodzi mwa ophikawo adangoti, "Mwana wa kum'mawa n'kukana nshawa? Kulera kwa m'tauni kumeneko." Adathira nsinjiro m'chibwabwa chonse, osauza munthu.

Sipadathe mphindi 10, milomo ya mwana idatupa, thupi lonse zidzolo, mawu adasasa, kupuma kukumveka ngati khweru. Amayi inu, mumafuna kuona chiyani?

Ndikudziwa kuti nshawa ndi chuma chathu. Chalimbana idatchuka kuchokera m'minda yathu yomweyi, ndipo nshawa timazipeza m'phala, m'chiponde, m'chikanda, paliponse. Koma alipo anthu amene thupi lawo limalimbana ndi nshawa ngati poizoni. Kukhosi kumatupa mpaka mpweya kusowa podutsa, magazi amafooka kuthamanga, munthu n'kukomoka. Madokotala amati anaphylaxis. Si matama, si ufiti, ndipo sizitha pomuzolowetsa mobisa. Mawu oti "pang'ono chabe" ndi amene amapha, pakuti ngakhale mthiko umene wavundula ndiwo zotendera ukalowa mumphika wake, basi zakwana. Kwa ena vuto lomweli limabwera ndi mazira, nsomba, mbola ya njuchi kapena mankhwala a penicillin.

Chidamupulumutsa mwanayu ndi jakisoni wa adrenaline, uja ena amati EpiPen, amene amake sasiyana naye. Apa ndikutembenukire kwa inu ana anga amene dokotala adakulemberani jakisoniyu. Ndi wodula, sapezeka paliponse, komabe inu mumamusiya m'kabati n'kupita ku Nc'wala ku Mtenguleni manja lendelende, ati thumba latchepa. Ena mumamusiya m'galimoto yotseka pa dzuwa la mu October. Kutentha kumawononga mankhwalawo, ndipo m'firiji si malo ake. Muziona tsiku limene akutha mphamvu, muzionanso madzi ake pakazenera ka pa jakisoniyo: akasintha mtundu kapena kuchita matope, funani wina. Ndipo manyazi oti anzanu asadziwe ndi a chiyani? Mukadzagwa, adzakubayani ndani?

Tonse tiphunzire, aphunzitsi ndi agogo omwe. Mukaona munthu akutupa kukhosi, akubanika kapena akufooka, musadikire kuti muone ngati zitsike. Bayani kunja kwa ntchafu, ngakhale pamwamba pa chovala. Jakisoni wa akulu amakhala wa 0.3 mg, wa ana aang'ono 0.15 mg. Mugonekeni chagada miyendo m'mwamba. Ngati akulephera kupuma akhale tsonga, koma musamuimiritse kapena kumuyendetsa. Pakatha mphindi 5 osasintha, bayani wachiwiri ngati alipo.

Tsiku lija wina adabwera ndi mkaka, wina Piriton, wina ankafuna kumusanzitsa. Zonsezo n'kutaya nthawi. Piriton amachepetsa kuyabwa, satsegula kukhosi. Ndipo ngakhale wodwala atadzuka n'kuyamba kuseka, thamangani naye ku Chipata Central Hospital, ku St Francis ku Katete kapena ku chipatala chimene muli nacho pafupi, chifukwa vutoli limatha kubwereranso patapita maola.

Kholo likakuuzani kuti mwana wake sadya chakuti, patulani kamphika kake ndi mthiko wotsuka bwino. Ngati mwaiwala n'kutendera, nenani, palibe adzakumangeni. Amayi aja adabwera kudzapepesa misozi ili m'maso, ndipo tidawakhululukira. Koma mdzukulu wanga mpaka lero akapatsidwa mbale kwa eni amayamba wandiyang'ana ine, n'kundinong'oneza kuti, "Ambuya, muli nshawa umu?"