Musiyeni mwana agwire matope, abale

Dzulo ndinapsa mtima ndipo mpaka pano sunaphwe. Ndimadikira kabaza ku Chibavi, kuno ku Mzuzu, mvula itangokata. M'mbali mwa mpanda wina munali kamtsikana ka zaka ngati zitatu, kali pansi tambalale, kakuumba timapoto ndi dothi lofiira lathu lija. Tiwiri kanali katamaliza. Kachitatu kamangophwasuka chifukwa madzi anachuluka. Ndinaona ndi maso angawa kakutapa dothi louma, kuthira pang'ono, kukanda, kuthiranso, mpaka kampoto kaja kanaima. Palibe anakauza. Ndiye mayi ake atulukira, mbama padzanja phaa, timapoto tija n'kutipondaponda ndi silipasi. "Iwe, ukufuna anthu azinena kuti ndiwe mwana wakumudzi?" Kabaza asanafike n'komwe, mwana anali pakhonde atasukulutsidwa manja, foni ya mayi ake ili m'manja, ali duu ngati chitsa.

Mayi inu, ngati mukuwerenga, dziwani kuti munapondaponda sukulu ya mwana wanu. Mwana wa zaka zitatu nzeru zake zimalowera m'zala. Akafinya dothi, akathira madzi kuchoka m'chitini kupita m'kabotolo, akakwirira phazi mumchenga, ndi pomwe akudziwa chonyowa ndi chouma, cholemera ndi chopepuka, chodzadza ndi choperewera. Zala zomwe zikukanda matope lero ndi zomwezo zidzagwire pensulo mawa. Mukazimenya lero, musadzadandaule aphunzitsi akamadzati mwanayu sagwira bwino pensulo.

Tisanamizane. Ambiri amene tikuwerenga panofe tinakulira m'fumbi. Tinaumba ng'ombe zadongo n'kuziyanika padzuwa, nyanga zikathyoka n'kuyambiranso. Tinapinda magalimoto a waya, ena a mapaketi a Chibuku, mateyala ake zitsekerero za mabotolo. Tinapanga magalasi a mapesi. Atsikana ankaluka tsitsi la chimanga chachiwisi n'kuchibereka kumbuyo. Pa masanje tinkaphika nsima ya mchenga, ndiwo zake masamba a mpanda, wina bambo, wina mayi, wosauka mwayi n'kukhala fisi. Kuwerengera tinayambira pa phada, miyala ili m'kadzenje, aphunzitsi a masamu tisanawaone n'komwe. Mpira unali wachikulunga, wa majumbo ndi zingwe, ndipo woumanga bwino ankalemekezeka ngati mfumu. Lero anthu omwewo tavala mataye, ndiye tikuti dothi ndi uve? Tayiwala msanga bwanji!

Sopo wadula, ndikudziwa, ndipo kuno ku Mzuzu nthawi ya mvula zovala zimatha masiku awiri pachingwe osauma. Ndiye muvekeni kamalaya kakutha kaja, asewere, akamaliza mum'sambitse m'manja ndi sopo asanadye. Nkhani yatha. Koma kumuletseratu kugwira nthaka chifukwa aneba aziti chiyani, ayi, zimenezo ndiye ndakana.

Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Mwana wowala mbee, nsapato zoyera, koma kumupatsa lumo sadziwa kudula pepala, kumanga chingwe cha nsapato mpaka alire, anzake akamasewera iye ali pambali kudikira foni. Tikulera ana oonetsa kwa alendo. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linanena kale mu 2019 kuti mwana wa zaka 2 mpaka 4 asapitirire ola limodzi patsiku akuyang'ana foni kapena TV, ndipo khanda lisapatsidwe n'komwe. Ife tikum'patsa kuyambira phala la m'mawa mpaka magetsi atazima, bola asatisokoneze. Foni ilibe fungo, ilibe kuzizira, siterera, simata m'zala. Chala chimodzi chokha ndicho chimagwira ntchito, kukwera ndi kutsika, zisanu ndi zinayi zinazo zili patchuthi.

Ndipo musandiuze kuti zoseweretsa n'zodula. Mchenga m'beseni, nyemba zosakaniza ndi chimanga kuti asankhe (wamng'ono kwambiri mukhale naye pafupi, angaike m'mphuno), makala ojambulira pansi, ufa pang'ono wokanda ndi madzi. Zagulidwa kuti zimenezi?

Nanunso eni sukulu zamkaka zadzadza m'makwalalamu, kuyambira ku Luwinga mpaka ku Mchengautuwa, ndili nanu mawu. Bwalo lonse mwathira simenti, ana a zaka zitatu mwawapanikiza pabenchi m'mawa wonse akukuwa A, B, C ngati mapemphero a usiku. Mwana wa mchemwali wanga amabwera ndi homuweki. Zaka zitatu, homuweki! Kumufunsa kuti lero mwaumba chiyani, akungondiyang'ana. Koma ikafika nthawi ya "graduation" ndiye mumachangamuka, kalata kubwera kawiri, ndalama ya gauni, ndalama ya keke, ndalama ya wojambula. Akumaliza maphunziro anji munthu woti dzina lake salidziwa kulemba?